Mazila a Febian

Febian anadumpha njinga isanaime, atakumbatila chipewa chodzala mazila.

"Consolata, ndaona zonse! Mango osapsa, dothi la pachulu m'kambale. Tili ndi mwana!"

Mkazi wakeyo anangoti kukamwa yasa. Febian, wothandiza dokotala wa ziweto ku Nyimba, anali atayamba kale kuvina, khadi la chipani cha UNIP lomwe analowela nalo mumsika likali m'kamwa. Analilavula.

"Ku kosi anatiphunzitsa! Masiku oyamba kamwana kamachepa kuposa njele ya mapila, kaya ka ng'ombe kaya ka munthu. Kamamangidwa ndi ma amino asidi, tinjelwa ta thupi. Mazila ndiye odzala nato. Idya!"

"Mazila iai, bambo," anatelo mawu kuseli kwa chitseko. Anali apongozi ake, amai Mildred, omwe anabwela kuchokela ku Kaumbwe kudzacheza, ndipo mwa mwambo sankaonana naye maso ndi maso. "Wapakati akadya mazila, mwana amabadwa wopanda tsitsi."

"Abadwe ndi dazi, amai, ndidzamugulila chipewa!"

Consolata anaseka mpaka kukhala pansi.

"Aimwe, mango aja si anga. Dothi lija si langa."

"Nanga n'zandani? M'nyumba muno akazi mulimo awili cha..."

Febian anameza mawu otsalawo.

Kenako chitseko chinatseguka pang'ono, panatuluka dzanja lokha, chikhatho chili m'mwamba.

"Mwati tinjelwa, bambo? Patseni awili. Tsitsi limamela."