Mbuzi Zopulumuka Mpeni

"Mbuzizi n'zandani, amunanga?" anafunsa mkwatibwi zitalowa pabalaza.

"N'zathu. Mulungu wakuyankhani, manja anga akana kupha. Ntchito ndasiya, ndipo izi ndazipulumutsa."

Mkaziyo anagwada pomwepo, misozi ili chuchuchu. Iye sankadya nyama, ndipo chikwatiwireni ankapemphera kuti mwamuna wake, wogwira ntchito kubutchala, atembenuke mtima.

Pemphero linatalika. Pomwe ankati ameni, mbuzi zinali zitamaliza kabichi wa kukhitchini, dimba lonse la kuseri ndi buku lake la nyimbo.

Njala itafika povuta, mkaziyo anapezeka akuyang'anitsitsa mbuzi ina yonenepa uku akumeza malovu.

Mwamunayo anaiphimba maso mbuziyo.

"Musamaiyang'ane choncho, akazanga. Ameneyu tsopano ndi m'bale wathu mwa Ambuye."