Mzera Wofiira pa Damu

Enock, woyang'anira damu, anaima pa khoma kiyi wa geti la madzi ali m'manja, thukuta likuyenderera.

Akuluakulu a ku boma anali atalamula kuti geti lisatsegulidwe mpaka alendo a chipani adzaone damu Loweruka. Madzi asatsike kupitirira mzera wofiira wa pa mtengo woyezera umene unazikidwa m'matope.

Kumunsi, mbande za mpunga za anthu a ku Chinguluwe zinali zitayamba kufota.

"Achimwene," anatero Maggie, mlongo wake, akumuonetsa mbande yachikasu, "dothi la khomali tinasenza ndife, pamutu. Lero madzi asanduka okongoletsa?"

"Iwe, ukufuna ndikafere kundende?"

"Ayi. Mungondiuza chimene mbumba yanu idzadye. Mzera wofiirawo?"

Enock anayang'ana mtengo uja nthawi yaitali. Zaka zitatu ali pantchitoyi, sanaonepo mlendo akutsika kukaponda matope. Onse ankangoimira pamtunda, kuloza mzera, kuwomba m'manja, n'kukwera galimoto.

Anapinda buluku, nalowa m'madzi mpaka m'chiuno, mwala waukulu uli paphewa. Anakhoma mtengo uja pamutu, kamodzi, kawiri, katatu, mpaka mzera unamira chikhatho chathunthu.

Atatuluka anatsegula geti. Madzi anathamangira m'ngalande, akukankha masamba ouma kulowera kuminda.

"Nanga akadziwa?" Maggie anafunsa motsitsa mawu.

"Adzayambe avula nsapato," anatero Enock.