Shawelo ya m'sutikesi

Panali bambo wina ku Zingwangwa dzina lake Laurenti, wowotcherera zitsulo. Mu 2011 mkazi wake Filomena anabereka mwana wachiwiri, Samuel.

Tsiku lotuluka kuchipatala, Laurenti anabwera ndi shawelo imene anafundamo mwana wawo woyamba, Henry. Inakhala zaka zinayi m'sutikesi pamodzi ndi timibulu toyera tothamangitsa mphemvu tija. Filomena atamva fungo anakana. Anati kwawo ana ena aamuna sayanjana ndi timibuluto, achimwene ake a Herbert anatsala pang'ono kufa nato ali khanda. Anesi nawo anati shaweloyo isamukhudze mwana.

Atafika kunyumba Laurenti anamufunditsabe, poti kunali kozizira.

"Amayi a Henry, Henry sanafunde yomweyi? Anadwala? Mimba imodzi, magazi amodzi. Za kwanuzo zisiyeni kwanu."

Patapita masiku awiri maso a Samuel anachita chikasu. Laurenti anati angomuwothetsa dzuwa. Tsiku lachinayi mwana anasiya kuyamwa, akulira mokuwa, thupi litauma gwa.

Kuchipatala anamusintha magazi. Adokotala anafotokoza kuti m'magazi muli kanthu koteteza kuti asaonongeke, ndipo ana ena amabadwa nako kochepa. Zimayenda m'mtundu, kwa ana aamuna zimadzera mwa mayi, koma wina amatengera, wina ayi. Henry sanatengere. Samuel anatengera. Adokotala atafunsa ngati mwana anayandikira timibulu, poti timaononga magazi a ana otere, Laurenti anayankha msanga kuti ayi. Filomena anangomuyang'ana.

Kwa abale ake Laurenti anangokanena theka, kuti adokotala ati matenda achokera kuchikazi. Filomena ananyozedwa zaka zambiri.

Samuel anachira, koma makutu anafa. Lero ndi wamkulu ndithu. Bambo ake akamaweruka amawathamangira pageti kukawalandira chikwama, koma sanamvepo ngakhale kamodzi akumuitana dzina.

Phunziro: Ana a mimba imodzi si magazi amodzi. Chimene sichinamupweteke wamkulu chikhoza kumulumaza wamng'ono. Mkazi wanu akakuuzani za matenda a kwawo, mverani. Khanda likachita chikasu thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo kwa adokotala musaname. Tumizirani ena, makamaka azibambo. Nkhaniyi ikafika kwa abale anga ku Nsanje aiwerenge bwino: Filomena analibe mlandu. Laurenti ameneyo ndine.