Mlendo Sakumba

Ku msasa wa Namichimba lamulo ndi limodzi: mlendo sakumba. Alendo ake ndife, dzina lomwe boma linatipatsa madzi atameza mudzi wathu. Nkhwani timadzala m'zidebe. Maliro amanyamulidwa pa lole, komwe amakaikidwa sitikudziwa. M'nthaka anayalamo mawaya, ukangokanda pang'ono belu limalira ku ofesi.

Mchombo wa mwana wanga Tiyese utagwa, ndinaukulunga m'kansalu n'kusolola khasu lomwe ndinkabisa pansi pa mphasa. Kwathu mchombo umakwiriridwa. Nditangotema kamodzi, belu lija linayamba, ndipo a Mpinganjira, oyang'anira msasa, anatulukira ali wefuwefu.

"Mayi, ikani khasulo pansi! Mukakumba ndiye kuti mwakhazikika, ndipo wokhazikika salandira ufa. Kanthu kanuko kaponyeni m'bini."

"Wanu amayi anu anauponya m'bini?"

"Musandiyankhe mwano. Boma likukusungani mpaka mubwerere kwanu. Mlendo ndi mame."

"Kwathu kukusambira mvuu, bambo. Mame ake ati omera imvi? Apongozi anga afera muno ali mame omwewo, ndipo manda awo simunatisonyeze."

Ndinamasula Tiyese kumsana, n'kugwiritsa kadzanja kake pa mpini, langa pamwamba.

"Akukumba ndi uyu. Wabadwira m'tenti iyo. Ngati ndi mlendo, tchulani mudzi womwe wachokera, ndikamtule lero lomwe."

Belu likulirabe, ine ndi mwini nthaka tinatema kachiwiri.