Mawu a Mayi Anasi pa Kompyuta Yobwereka

Panali munthu wina ku Mchinji kuno, dzina lake Eneya, wojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe pa Boma. Amene anandiuza nkhaniyi amapemphera naye mpingo umodzi, ndipo akuti bamboyu sanabwererenso mwakale.

Eneya ndi mlongo wake Tabeth anabadwira pa esiteti ina ya fodya, kumene makolo awo anali matenanti. Bambo awo anamwalira kalekale. Mayi awo, a Anasi, anachoka ku Phalombe ali mtsikana atayambana ndi abale, ndipo za kwawo sankazikamba n'komwe. Anawo ankangodziwa kuti kwawo ndi ku Phalombe, basi. Koma Phalombe ndi boma lathunthu, si mudzi.

Matenda atakula, a Anasi anaitanitsa Eneya kuti abwere ndi kamera yake. Tsiku limenelo anayankhula maola awiri. Anatchula mudzi wawo, mayina a alongo awo, njira yokafikira, ndi munda wa amayi awo umene anawo akanakalimako ngati eni. Eneya anathamangitsa aliyense pakhomopo, ngakhale Tabeth, ati phokoso liwononga mawu. Koma mwini wakeyo sankamvetsera. Maso anali pa batire ndi pa kuwala kwa dzuwa, mumtima akuti ndikamvetsera bwino kunyumba. Anthu a makamera ndi otero, amaona zonse koma samva kanthu.

Tsono Eneya anali ndi memori khadi imodzi yokha, ndipo laputopu yake yokalamba inali itadzaza. Sabata yomweyo, akujambula phwando ku boda, anakumana ndi Rodrick, mkulu wina wokonza mapepala a katundu wa mathiraki. Rodrick anamuuza kuti masiku ano munthu savutika kugula kompyuta yaikulu. Makampani akunja ali ndi nyumba zodzaza makompyuta, ndipo iwe umangobwereka pa intaneti malo ndi mphamvu zimene ukufuna, kwa nthawi imene ukufuna, ukathana nazo n'kubweza. Anati zimenezi ndi zimene amazitcha kilaudi. Iye anali atabwereka imodzi ya ntchito yake, malo anali otsala ambiri, ndipo anamulola Eneya kusungako mavidiyo ake.

Rodrick sananame ngakhale pang'ono. Koma Eneya, chifukwa chokomedwa, sanafunse kuti kompyutayo yabwerekedwa mpaka liti.

Anapita kukadzitama kwa mayi ake kuti mawu awo ali pamalo posafika moto, mbala kapena chiswe. A Anasi anafunsa ngati malowo anali ake. Iye anati ayi, ndi a lendi, ndipo wobwerekayo ndi mnzake.

"Mwana wanga," anatero a Anasi, "ine ndakhala zaka makumi anayi pamalo a eni. Mwini akati nyamukani, mumanyamuka. Zimene ndanena zija uzilembe m'kope."

Tabeth anagula kope tsiku lomwelo. Eneya anaseka, ati za makope n'zachikale, adzalemba akadzapeza mpata. Loweruka kunali ukwati waukulu, ndipo anafufuta memori khadi ija kuti akajambulire akwati akuvina.

A Anasi anamwalira mu Juni, anawaika m'manda a matenanti kumapeto kwa esiteti. Mu Ogasiti esitetiyo inagulitsidwa. Mwini watsopano anati iye alima soya ndi mathirakitala, matenanti sakuwafuna, aliyense achoke mwezi usanathe. Tabeth anali ndi ana atatu, mwamuna anamuthawa kale. Anamanga katundu wake n'kufika pa shopu ya Eneya.

"Achimwene, tsegulani mawu a amayi aja, timve njira. Tizipita kwathu."

Eneya anatsegula laputopu monyadira. Polowera panakana. Anayesanso, anagula bandulo ina, anayesera pa foni, koma ayi ndithu. Anakwera galimoto ya ku boda, ndipo anakapeza Rodrick ali phee pa benchi, akudya chimanga chootcha.

"Kompyuta ija ndinabweza mu Julayi, achimwene," anatero Rodrick. "Mathiraki anachepa, ndiye ndikanasungiranji chinthu chosagwira ntchito? Ukabweza amafufuta zonse n'kubwereketsa wina. Kodi simunasunge kwina?"

Rodrick anati anzake ena amene ankasungako zinthu anawachenjeza pa gulu la madalaivala la pafoni, kungoti Eneya sanali m'gulumo. Anathandizana kulembera kampani ija. Yankho linabwera mwaulemu kwambiri, lonena kuti wobwereka anali Rodrick, anabweza yekha, ndipo zimene zinalimo sizingapezekenso.

Eneya anabwerera ku Boma. Anapeza Tabeth atakhala pa thumba la ziwiya, kope lija lili pamiyendo. Atamva zonse, Tabeth sanakalipe. Anangotsegula kope n'kugwira cholembera.

"Palibe kanthu, achimwene. Nenani zimene mukukumbuka, ine ndizilemba. Munalipo ndinu nokha."

Eneya anatseka maso. Anakumbuka chitenje chobiriwira chimene amayi anafunda. Anakumbuka kuti anatsokomola katatu, ndiponso kuti batire inali itatsala timizere tiwiri.

"Mudziwo anati ndi uti?"

"Sindinamve, mlongo wanga."

Apa mpamene Tabeth analira, kuposa mmene analirira pamaliro, pakuti tsiku limenelo mayi ake anamwalira kachiwiri. Lero amagona ndi ana ake m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya Eneya, nakonso ka lendi. Kope lija akadali nalo, ndipo mulibe ngakhale liwu limodzi.

Phunziro: Kilaudi ndi kompyuta ya eni imene mwangobwereka. Ndi yothandiza, koma funsani kuti yabwerekedwa m'dzina la ndani komanso mpaka liti, ndipo chinthu chimene simungachipezenso muchisunge malo awiri kapena atatu. Koposa zonse, kholo likamayankhula, mvetserani ndi makutu anu. Tumizirani abale ndi anzanu uthengawu, wina asadzalire ngati Tabeth.