Dzina Lopanda Malo

"Achemwali, tabwerani msanga, pulogalamu yakana," anatero mlongo wanga. Alendo odzaiona anali atakhala kale m'chipinda chamisonkhano.

Ndinakokera mpando pafupi ndi kompyuta. Kompaila, yomwe imafufuza zolakwika pulogalamu isanayambe kugwira ntchito, inali italemba mofiira kuti tapereka mayina atatu, koma malo oikapo tasiya awiri okha.

Unali mzere woonetsa amene anapanga pulogalamuyi. Ndinaulemba ndekha chaka chatha, ndi malo atatu: a mlongo wangayo, a mnzake wandevu yemwe timagwira naye ntchito, ndi anga. Tsopano wina anali atafufuta malo achitatuwo, n'kuiwala kuchotsa dzinalo.

Kamuvi kofiira kanaloza pansi pa dzina langa, ati ili silikugwiritsidwa ntchito.

"Wasintha mzerewu ndani?" ndinafunsa.

Mlongo wanga anayang'ana m'kapu yake ya tiyi. Wandevu anayamba kupisapisa m'matumba ngati wataya makiyi.

"Ingokonzani, achemwali. Tikambirana alendo akapita," anatero mlongo wanga.

Ndinaika zala pa kiyibodi, koma sindinadine kalikonse. Mu ofesi monsemo, amene anakana kupitiriza popanda ine anali makina okha.