Mbale ya Kuseri kwa Katani

Amake mapasa analowa m'lesitilanti ya Mayi Msuzi 12 koloko itangokwana, nsalu atayimanga zolimba m'chiuno. Pambuyo pawo panali mng'ono wawo, amene anabweretsa nkhani yonseyi. Ameneyu makutu ake sagona. Nkhani ikachitika m'mawa, pofika masana amakhala atayizungulitsa mzere wonse wa nyumba, atayithiranso mchere.

Nkhani yake inali iyi. Amuna a amake mapasa, amakaniko a pagalaja ya tsidya lina la msewu, anali atatha milungu isanu osadya chakudya cha kunyumba. Akapatsidwa mbale ankangoyang'ana, kugwiragwira supuni, kenako n'kunena kuti, "Ndadya kale kuntchito." M'mawa ankangomwa tiyi, buledi osamukhudza n'komwe.

Poyamba amake mapasa ankati mwina bambowo atopa ndi nyemba. Anasintha. Anawotcha nyama ya mbuzi, osatheka. Anakazinga nkhuku mpaka aneba kutuluka panja ndi fungo. Bambowo anatafuna kachidutswa kamodzi, kutafunabe, kutafunabe, kenako n'kupita kuseri kwa nyumba. Pobwerako anali akupukuta pakamwa. Kulavula nkhuku yokazinga, abale inu! Yotsalayo anakankhira ana.

Azimayi a pampopi sanachedwe kugamula. Anati munthu wamkulu chonchija sangakhale ndi tiyi yekha, penapake akudya ndithu, ndipo wophikayo si mchemwali wake. Za kuonda anati n'zodziwikiratu, akufuna kuoneka mnyamata. Paja lamba anali atachita kumuboola mabowo awiri atsopano ndi msomali.

Ndiye dzulo lake mng'ono uja anafika ali wefuwefu. Anati anyamata onse a pagalaja amadyera kulesitilanti ija, kutsogolo pamabenchi, koma alamu salowera khomo lalikulu ayi. Amazungulira kuseri. Mwini lesitilanti, mayi wamasiye amene anthu amangomutcha Mayi Msuzi, amawakonzera mbale yawoyawo n'kutseka katani.

Amake mapasa sanalire. Analongedza zovala zawo ndi za ana m'chikwama, n'kuchikankhira pansi pa bedi. Ankangofuna kuona ndi maso, kuti akakafika kwa makolo asakanene zongomva.

M'lesitilantimo munkanunkhira anyezi wokazinga. Anyamata a pagalaja anali atadzaza mabenchi, manja akuda ndi girisi, akukangana za mpira. Atangoona amene walowa, mkanganowo unathera pomwepo. Wina supuni inamuimira m'malere. Wina anayamba kuyang'anitsitsa mpunga wake ngati akufuna mwala.

Mayi Msuzi anali kukauntala, akupakula.

"Takulandirani mayi. Tili ndi mpunga wa nyemba, wa mazira, wa..."

"Sindinabwerere mpunga. Ndabwerera amuna anga."

Mayi Msuzi anaika chipande pansi pang'onopang'ono. "Ndinu amake mapasa?"

"Oho, ndiye mukundidziwa! Anakuuzaninso kuti ndimaphika zotani?"

Mng'ono uja anawakodola ndi chigongono. "Asisi, musachedwe naye uyu. Taonani pansi pa katani apo. Si nsapato za alamu zimenezo?"

Zinali zomwezo. Nsapato zantchito zothimbirira ndi oyilo, ina yomanga ndi waya m'malo mwa chingwe.

Mayi Msuzi anapukuta manja pa epuloni n'kukaima kutsogolo kwa katani. Sanakweze mawu.

"Mayi, khalani kaye pansi. Ine ndinawauza kuti akuuzeni okha. Mlungu wathawu ndawauzanso. Si bwino kuti zimenezi muzimvere kwa ine."

"Mwamva asisi? Akuvomera yekha, manyazi alibe!"

Amake mapasa anali atatha zaka khumi ndi ziwiri akuphikira munthu mmodzi. Ankadziwa kuti safuna tsabola wambiri, kuti amakonda mpunga wopserera wa pansi pa poto, kuti dzira likhale lofewa pakati. Ngakhale tsiku limene anatuluka kuchipatala ndi mapasa, anadzuka n'kumuphikira. Ndiye mayi uyu, wophikira gulu m'mapoto akuda, amathiramo chiyani chimene iwo sachidziwa?

"Chokani pamenepo," anatero.

"Mayi, chonde, pali anthu pano."

"Anthuwo aonenso. Chokani!"

Anamukankhira pambali n'kukoka katani mwamphamvu mpaka waya wake kuduka.

Kuseriko kunali kachipinda kothina, kodzaza matumba a mpunga ndi zidebe. Amuna awo anali atakhala pakireti, atafulatira khomo. Ovolosi inkangolendewera m'mapewa ngati yobwereka. Sanatembenuke.

Amake mapasa sanayambe n'kuyang'ana munthuyo. Maso awo anathamangira pambale, kuti aone chakudya chimene chawalanda banja. Ankayembekezera nyama yonona yosambira m'msuzi, kapena nsomba yaikulu yosefukira m'mbale.

M'mbalemo munali phala lamadzimadzi, lochita kusefa, longa la khanda. Sefa yake inali pambali, ikudonthabe. Atazungulira kutsogolo anapeza amuna awo atasolola khosi, dzanja lina litagwira pammero, misozi ili chuchuchu, akulimbana ndi kumeza.

"Abambo a mapasa, n'chiyani chimenechi?"

Bambowo anatsegula pakamwa, koma chinatuluka ndi chifuwa chokha. Anayankha ndi Mayi Msuzi, motsitsa mawu kuti a pamabenchi asamve.

"Kuchipatala anawapeza ndi chotupa kummero, ndiye akuopa kukuuzani. Mwezi wathawu phalali linkatsikako. Lero afika 11 koloko, ndipo supuni ali nayoyo ndi yachitatu."